Pa njinga kuchoka ku Blantyre mpaka ku Nsanje, kudutsa m'minda ya nzimbe

Lolemba madzulo, Chikwawa boma

Tafika bwino. Miyendo ilibe vuto koma zala ndiye zachita dzanzi chifukwa chofinya mabuleki, moti ndikulemba izi ndi chala chimodzi. Inu amene munkafunsa kuti ulendo wa njinga uja unathera pati, wayamba lero m'mawa, ine ndi alamu anga, ndipo ndizilemba madzulo aliwonse netiweki ndi batire zikalola.

Nzeru yonseyi ndi ya alamu. Iwowa anakhalako ku Joni, osati Johannesburg yeniyeniyo ayi koma kumunsi ku Western Cape, ankagwira ntchito pa famu ya mphesa kufupi ndi Stellenbosch, kudulira mitengo nthawi yozizira, kuthyola mphesa mu Febuluwale ndi Malichi. Akuti Loweruka lililonse m'mawa ankangoona magulu a anthu atavala zothina, mahelemeti kumutu, akudutsa pa njinga zowonda matayala m'misewu ya pakati pa minda, ena kukwera chitunda cha Helshoogte kulowera ku tauni ya Franschhoek kukangomwa khofi n'kubwerera, katundu alibe, kumene akuthamangira kulibe. Poyamba ankawaseka, kenako matenda omwewo anawagwira, pobwera kumudzi anabwera nazo ziwiri zogula kwa anthu. Ndiye chaka chonsechi akhala akundivutitsa, amvekere alamu, ifenso tili nawo malo otero, ku Chigwa kwathu kulibe mphesa koma kuli nzimbe, msewu ndi wathyathyathya, magalimoto ndi owerengeka, tiyeni mu Julaye kusanatenthe. Kwawo ndi ku Ngabu, ndiye mukudziwa kale kuti munthu sanyoza kwawo.

Tanyamuka kukadali chisisira, kudutsa Green Corner, Mpemba, Chadzunda, kozizira koti mpweya kumaoneka potuluka mkamwa. Mbali imeneyi ndi kukwera ndi kutsika basi, ndipo amene timakumana nawo ambiri ndi a makala, akukankha njinga zawo kulowera mtauni, matumba atatu ena anayi, munthu wake sakuoneka n'komwe kuseri kwa katunduyo, ukungoona mapazi. Mmodzi anaima n'kutiyang'ana kuyambira ku helemeti mpaka ku nsapato kenako anangoti "mabwana, keliyala mwaiwala kunyumba?" anzake n'kufa nacho chikhakhali.

Ukangodutsa Madziabango dziko limatseguka. Pali pokhota pena pamene chigwa chonse chimaonekera kamodzi, Shire akunyezimira uku akupindikapindika, kutali uko zigamba zobiriwira za nzimbe ndi utsi ukukwera mowongoka pamene akuwotcha munda. Blantyre ali pamwamba kupitirira mamita 1,000, pa mlatho pansipo ndi pafupifupi 100 okha, ndipo zonsezo umazitsika pa mtunda waufupi, makona okhaokha. Alamu anandiuziratu kuti musagwire buleki mosalekeza, rimu imatentha chubu n'kuphulika, muzifinya ndi kusiya, kufinya ndi kusiya, ndipo muziyamba musanalowe pakona osati muli mkati. Iwo anangoti vuu kusowa. Ine ndimatsika mwaulemu, maso ali pa mchenga wa m'mbali ndi mathiraki amene amakwera akulira mu giya yoyamba atadya theka la mbali yako. Pakati penipeni ndinaima kukhudza rimu, yotentha yoti sungaigwire kawiri.

Pofika pa Thabwa juzi inali itavulidwa kale, mpweya wake ngati wavundukula mphika wa nyemba, ndipo anthu akuno akuti kukuzizira, ena avala zipewa zaubweya. Apa m'pamene msewu wa ku East Bank umapatukira kumanzere. Ife tinapitirira mpaka pa Kamuzu Bridge, tinatsika n'kuyenda wapansi kuti tione madzi, azimayi akuchapa chapatali ndi pamene pali bango, ndipo mnyamata wogulitsa nzimbe anatilozera chinthu pa mchenga chimene ine ndimati ndi chipika. Sichinali chipika.

Pa Dyeratu tadya kanyenya wa mbuzi ndi tchipisi cha pachiwaya, kenako tapatuka kulowera ku boma. Boma la Chikwawa lili pa chitunda pamwamba pa mtsinje, madzulo ano tinakaima kumphepete kuyang'ana madimba kutsidya. Udzudzu wayamba kale ntchito, neti ya pa resitihausi ili ndi zibowo ziwiri, ndamanga ndi ulusi.

Lachiwiri, Chikwawa bomabe

Lero linali tsiku loyesa fumbi. Kuchoka pa boma kupita ku geti ya Majete ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo njinga ngati zathuzi sizinapangidwire msewu wotero, pa mchenga tayala lakutsogolo limangolowa n'kuyamba kuvina, pa timizere tija ta magalimoto mano amachita kugundana. Ana asukulu pa njinga zakapalasa za makolo awo, mwendo atalowetsa pansi pa chitsulo, amatidutsa bwinobwino akuseka.

Mu Majete simulowa pa njinga, musadzivute. Chiyambire 2003 pamene bungwe la African Parks linatenga nkhalangoyi anabwezeretsamo zipembere, njovu, ndipo mikango inabwera mu 2012, ndiye munthu wa kabudula wothina ali pa njinga sangakhale mlendo wabwino. Ife chimene timafuna kwenikweni ndi kuona ngalande yaikulu ija ya Shire Valley Transformation Programme imene ikutenga madzi ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala opitirira 40,000 mpaka kumunsi ku Bangula. Pa wailesi imamveka ngati nkhani wamba koma ukaima m'mphepete mwake ndi chinthu chachikulu zedi, galimoto itha kuyenda mkatimo. Alamu anangokhala chete kuyang'ana, kenako akuti madzi amenewa akadzafika ku Ngabu amayi adzasiya kudikira mvula.

Kapichira yemweyu ndi pamene Livingstone anakanika kupitirira ndi sitima yake mu 1859 chifukwa cha mathithi, ndipo Amakololo amene anabwera naye ena anatsala konkuno n'kukhala mafumu, maina ngati Kasisi, Maseya ndi Katunga akuchokera kumeneko. Ndi pomweponso pamene namondwe Ana anaononga damu la magetsi mu Januwale 2022, mukukumbukira mdima uja tonse tinaulawa mtauni.

Tabwerera masana tili mbuu. Madzulo onse athera kutsuka tcheni ndi mswachi wakale ndi palafini.

Lachitatu, Nchalo

Eeh lero ndiye ndamvetsa chimene alamu amanena.

Tinanyamuka 5 koloko itangokwana, dzuwa lisanatuluke. Kuchoka pa Dyeratu kulowera kumwera phula lake ndi lowongoka, chitunda palibe, ndipo nthawi imeneyo galimoto imadutsa imodzi kenako zii kwa nthawi yaitali, chimene umamva ndi kulira kwa matayala ako pa phula ndi njiwa m'mitengo. Pa Dyeratu pomwepo pali fakitale ya PressCane imene imaphika ethanol, yemwe amakasakanizidwa ndi petulo, kuchokera ku molasesi (zotsalira popanga shuga), kafungo kake kotsekemera mowawasa kamakuperekeza kamtunda ndithu. Kenako nzimbe zimayamba. Kasinthula, imene kale inali sikimu ya mpunga, ndi minda ya alimi a Phata amene anaphatikiza minda yawo kukhala kopaletivi mu 2011. Mapaipi aataliatali oyenda pa matayala aja akuzungulira pang'onopang'ono akuwaza madzi, dzuwa likungotuluka kumene, mbali ina nzimbe zazitali kuposa munthu, mbali ina munda wodulidwa kale wakuda bii, mbali ina timasamba tatsopano tikuphukanso pa zitsa zomwezo, chifukwa nzimbe sabzala chaka chilichonse, ukadula imaphukanso kangapo.

Ino ndi nyengo yodula. Amayamba awotcha munda kuti masamba ouma apse ndi njoka zithawe, ndiye phulusa lake limagwa paliponse, timizere takuda touluka, pa mkono, m'botolo la madzi, pa malaya oyanikidwa m'midzi. Munda ukapsa sipakhalanso kuchedwa, nzimbe yowotcha ikakhalitsa shuga wake amatsika, n'chifukwa chake mathiraki ndi mathirakitala okoka ngolo amathamanga usana ndi usiku kulowera ku fakitale. Amenewo ndiye muziwapatsa ulemu. Ukamva kugunda kumbuyo tsika pa phula, ima, adutse, chifukwa nzimbe zina zimatulukira m'mbali ndipo zina zimagwera mumsewu, tayala lowonda likaponda nzimbe yophwanyika umapezeka uli pansi usanadziwe.

Tisanafike pa Bereu tinakumana ndi gulu la odula nzimbe akupita ku ntchito, ena wapansi ena atatu pa njinga imodzi, zikwanje zokulunga m'masaka, zigubu za madzi, zovala zakuda ndi mwaye wa dzulo. Ine ndimafuna kungodutsa ndi kamoni ka dzanja koma alamu anamanga buleki, kutsika, kuvula magalasi n'kuyamba kupereka moni mmodzimmodzi. Anacheza nawo za mzere umene munthu amapatsidwa patsiku, za msana, za nthawi yoweruka. Titapitirira anakhala osayankhula kamtunda, kenako akuti alamu, ku Stellenbosch kuja ine sindinali pa njinga poyamba, ndinali uyu wa chigubuyu, 6 koloko m'mawa tikuyenda m'mbali mwa msewu ndi sizasi yodulira m'thumba, anthu a njinga akudutsa akujambula mapiri, ndipo pa gulu lonse amene ankakweza dzanja anali mmodzi kapena awiri, nkhope zawo ndikuzikumbukira mpaka lero. Kuchokera pamenepo moni wachuluka pa ulendo uno moti liwiro lathu latsika, koma palibe akudandaula.

Ndinawafunsa kuti nanga kufanana kwake kuli pati, poti ine zithunzi zawo zija ndinaziona, mapiri, nyumba zoyera, mizere ya mphesa. Akuti kufanana ndi bata la m'mawa ndi kununkhira kwa munda wothiriridwa basi. Kusiyana ndiye n'kwambiri, kumene kuja famu iliyonse ili ndi chikwangwani chokuitana kuti lowa udzalawe vinyo, pali pokhala, pali poimika njinga, pamene kuno misewu yabwino ya mkati mwa esiteti ili ndi mageti ndi alonda, ndi ya ntchito, sungangolowa popanda chilolezo. Ndiye ife tikuyenda mu M1 ndi tinjira ta m'midzi tokha, ndipo kunena zoona zikukwanira.

Chosangalatsa cha lero chinachitika titadutsa mlatho wa Mwanza, mtsinje umene panopa ndi mchenga wokhawokha koma dzinja umasesa midzi. Mnyamata wa kabaza, giya imodzi, patapata kuphazi, kumbuyo atanyamula mayi wonenepa bwino atagwira nkhuku, anationa tikumudutsa ndipo zinamukhudza. Ndinangomva tcheni chikulira kumbuyo kwanga, kutembenuka ndi iyeyo, wadzendamira pa handulo, thukuta kamukamu. Alamu anawonjezera moto, ine ndinawonjezera, iye osatsala. Mayi aja akukuwa, "iwe mwana iwe ndatsika ine, ndalipira ulendo sindinalipire mpikisano!" nkhuku nayo ikuthandizira. Anatikakamira mpaka pa siteji yake, n'kuima, n'kutiuza akupuma mwabefu kuti mundibwereke yanuyo tsiku limodzi muone. Ndikukhulupirira akanatisiya kutali.

Nchalo ndi tauni ya shuga, akuluakulu mpaka pano amangoti ku Sucoma ngakhale Illovo inatenga malowa mu 1997 kuchokera kwa Lonrho amene anayambitsa esiteti m'zaka za m'ma 1960. Chumuni cha fakitale chimaoneka uli kutali. Njinga ndiye zosawerengeka, pa msika pali mzere wonse wa okonza ndi ogulitsa masipoko, mahabu, zishalo. Lengwe, kwawo kwa nyala, tamudutsa chakumanja osalowa. Tadya mpunga ndi nyama ya ng'ombe, yotsika mtengo kusiyana ndi mtauni, ndipo ndagona masana ngati mwana.

Lachinayi, kumudzi kwa alamu, Ngabu

Amene anakuuzani kuti msewu wopanda chitunda ndi wophweka sanakumane ndi mwera. Miyezi ino mphepo imachokera kumwera chakum'mawa, ife tikulowera komweko, ndiye kuyambira cha m'ma 8 koloko inali pamphumi basi, ukupalasa ndi mphamvu zonse koma mtengo wa mlambe uli patsogolowo sukuyandikira. Alamu anandiphunzitsa kubisala, tayala langa lakutsogolo pafupi ndi lawo lakumbuyo, iwo akudula mphepo ine ndikupuma, kenako kusinthana. Zimathandizadi koma zimafuna kukhulupirirana, wakutsogolo akaona dzenje kapena mbuzi ayenera kuloza ndi dzanja, ndipo mbuzi za kuno zimagona pakati pa phula ngati zinalipira msonkho.

Nzimbe zikatha dziko limasintha, kumakhala kouma, milambe, mitengo ya minga, mapesi a mapira, minda ya thonje yokolola kale, ng'ombe zambirimbiri zikudutsa msewu ndi kamnyamata kamodzi kokha kumbuyo. Ngolo za ng'ombe zonyamula migolo ya madzi. Malo angapo phula linadyedwa ndi madzi ndipo umatsikira kufumbi pang'ono n'kukweranso, pamenepo m'pamene minga inandipeza, tayala lakumbuyo fwaa.

Machubu apadera tinali nawo koma alamu akuti tisunge, kutsogolo n'kutali, tipite kwa wokonza. Tinamupeza pansi pa mtengo wa nimu, bambo wachikulire, zida zake zili m'chitini cha mkaka, beseni la madzi odera pambali. Anatenga wilo n'kuliyeza m'manja, kulitembenuza, akuti "ichi n'chala kapena tayala?" Pampu yake sinalowe chifukwa mavavu a njinga izi ndi owonda, a mtundu wina, ndiye tinatulutsa yathu. Koma kumata ndiye ndi katswiri. Anamiza chubu m'beseni pang'onopang'ono mpaka timathovu tinatuluka, anabaya kachitsotso pa bowo kuti lisasowe, kupala ndi kamwala, kudula chigamba chozungulira pa chubu chakale n'kusenga m'mbali mwake ndi lezala kuti chisatukuke, kupaka solushoni mbali zonse ziwiri, kenako anangokhala n'kuyamba kutifunsa za ku Blantyre. Ine ndimati aiwala, koma amadikira kuti iume kaye, akuti achinyamata amamata ikadali yonyowa n'chifukwa chake zigamba zawo sizifika pa Miseu Folo. Asanabwezere anayendetsa chala mkati mwa tayala monse mpaka anaupeza munga, kakang'ono kosaoneka, n'kundiika m'dzanja. Popopa anatiletsa kawiri kuti basi liphulika, alamu akungopitiriza, bambo aja anasuntha mpando wawo. Mtengo wake sunafike ngakhale wa fanta ziwiri.

Ngabu ndi kwa thonje ndi ng'ombe, ngakhale alimi amene tacheza nawo akuti thonje ambiri analisiya, ena analowa chitowe. Tisanalowe m'mudzi alamu anaima kuseri kwa tchire n'kutulutsa buluku m'chikwama, akuti valani alamu, amayi sangatilandire chonchi. Ndipo zoona, ngakhale ndi mabulukuwo amayi anayang'ana majezi athu othinawo n'kufunsa mwana wawo ngati ndalama za nsalu zinatha ku Joni. Anandilandira bwino zedi, "mwatiyendera bambo, takhuta," madzi osamba, kenako nsima ya mapira yofiirira ndi mlamba wowamba wothira matimati, pambali therere. Nsima ya mapira imakhala m'mimba, sindikuganiza kuti ndimva njala mpaka mawa masana.

Madzulo achimwene awo a alamu ananditengera ku nyumba ina yakale chakumunsi kukandionetsa mzere pa khoma, wofika pachifuwa panga, pamene madzi a namondwe Freddy analekezera mu Malichi 2023, ndipo pansi pake pali wina wofufuma wa Ana. Ndinafunsa funso limene tonse a kumtunda timafunsa, loti bwanji osasamuka. Anaseka. Akuti nyumba tinasamutsa, ili kumtunda uko mwaionayo, koma munda sungasamuke, madzi akaphwa amasiya dothi lonona ndi chinyezi, timabzala chimanga, mbatata, nyemba popanda feteleza, ndipo chimene mukudya ku Blantyre mwezi wa Okutobala chowotcha pamsewu mumayesa chimachokera kuti? Ndinalibe yankho.

Lachisanu, Bangula

Tadzuka 4 koloko kuti tiube mtunda mwera usanadzuke, ndipo zatheka, pofika pa Sorgin dzuwa linali likadali lofiira. Apa tsopano Chisena ndiye chachuluka, pa mjigo pamene tinaima kudzaza mabotolo azimayi amatiseka m'chinenero chimene ndimangotolamo pang'ono, alamu ndi amene amayankha. Madzi a m'mijigo ina kuno ndi amchere, muzilawa kaye musanadzaze, anthu ake amakuuzani okha mjigo wabwino uli pati.

Chakumanzere kwathu tsiku lonse kunali Elephant Marsh, dambo lalikulu limene Shire amamwazikamo. Livingstone analemba kuti anaona njovu 800 pamenepa mu 1859, lero kulibe ndi imodzi yomwe, kwatsala mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi, ndipo mu 2017 linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Uli pa msewu sulioona bwino, umangoona mzere wa migwalangwa ndi mivumo chapatali. Tinapatuka kanjira kena kolowera komweko, theka kupalasa theka kukankha, ndipo kumeneko n'kumene alamu anapeza chimene akhala akundilonjeza chiyambire Lolemba, akuti vinyo wa kwathu.

Uchema. Bambo wina anali akutsitsa mabotolo ake m'migwalangwa, amadula nsonga ya mtengo n'kusema pang'ono, kulowetsa katsamba kokhala ngati ngalande, madzi ake n'kumadontha m'botolo usiku wonse, pamwamba amaphimba ndi kachipewa koluka kuti dzuwa ndi ntchentche zisalowe, ndipo tsiku lililonse amasemanso pang'ono kuti pasaume. Wam'mawa ndi woyera, wotsekemera, wa thovu pang'ono, ukafika madzulo ndi nkhani ina. Alamu anatenga kapu ya pulasitiki, kuizunguza, kununkhiza, kutseka maso, kulawa pang'ono n'kuyamba kufotokoza mwa azungu a ku Franschhoek aja kuti mukumveka kafungo ka utsi ndi ka mbuzi chapatali, bambo aja anaseka mpaka kukhala pansi, akuti "mbuya, imwani bwinobwino, mukuuzunguza walakwa chiyani?" Tinalawa theka la kapu aliyense n'kulekera pomwepo, pa njinga ndi dzuwa ili uchema si mnzako.

Pa Bangula tasiya zikwama n'kupita kukaona pa Mtayamoyo. Kale njanji ndi msewu zinkadutsa apa kupita ku Chiromo ndi Makhanga, madzi anadula mu 1997 ndipo kuchokera pamenepo anthu amaoloka pa maboti ndi mabwato. Ndinakhala pa gombe nthawi yaitali kungoonerera mmene amapakirira, njinga zakapalasa kuzigoneka mulu kutsogolo, njinga yamoto kuikweza anthu anayi, matumba a chimanga, mbuzi yomanga miyendo, mayi ndi mwana kumsana kukhala pamwamba pa zonsezo, bwato kutsala pang'ono kuti madzi alowe, n'kunyamuka. Kutsidya kumeneko, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, n'kumene kuli manda a Bishopu Mackenzie amene anamwalira ndi malungo mu 1862. Woyendetsa boti wina amatikakamiza kuti tikwere, akuti njinga zanuzo n'zopepuka ndikulipiritsani theka. Alamu anayang'ana madzi, anayang'ana njinga yawo, akuti ulendo wina.

Nsomba za pano ndiye musaphonye, tadya mphende zokazinga zakupsa bwino ndi tsabola.

Loweruka, Nsanje boma

Chigawo cha lero, makilomita pafupifupi 50, ndi chimene ndingauze munthu aliyense wa njinga kuti ayambire. Galimoto ndi zochepa kwambiri moti nthawi zina timayenda mogundizana mapewa tikucheza, kumanja mapiri ayandikira, kumanzere madimba obiriwira ndi Shire, kutsidya kwake ndi Mozambique kale. Njanji imayenda nafe m'mbali, pena kuoloka msewu, ndipo pamenepo muziwoloka mowongoka osati mopingasa, tayala lowonda limalowa mumpata wa njanji. Pa Phokera tinamwa thobwa, pa Tengani tinagula masau ouma. Msewu wonse ndi njinga zokhazokha, wina wanyamula chitseko, wina mitolo ya bango, wina wodwala akupita naye kuchipatala atamumangirira ndi chitenje kwa wopalasa, ndipo tonse timapatsana mpata ndi belu kapena kakhweru. Alamu lero dzanja silinatsike.

Nsanje pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Port Herald, sitima zapamadzi zinkafika kuchokera ku Zambezi. Tinapita kukaona doko limene Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010, khoma lalitali la simenti m'mphepete mwa madzi, sitima sizinayambe kufikapo chifukwa a ku Mozambique anati pachitike kaye kafukufuku wa mtsinje. Tapezapo anyamata akuwedza ndi ena akutsuka njinga zamoto. Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, sitinapiteko, kumeneko sumangofika ngati pa msika, umayamba wapempha kwa eni ake ndipo kuli malamulo a kavalidwe, majezi athu owalawa sangadutse.

Kwatsala Marka, kumalire, kumene Shire amatulukira m'dziko muno pa malo otsikitsitsa m'Malawi yense, mamita 37 okha. Tipita mawa m'mawa opanda zikwama n'kubwerera kudzadya nkhomaliro pano. Mkangano umene ulipo ndi wa Lolemba. Alamu akuti tibwerere pa njinga, mwera ukhala kumbuyo kutikankha mpaka pa Thabwa, ndipo chitunda chija akuti n'chongofuna mtima. Ine ndawauza kuti mpaka pa Thabwa tili limodzi, kuchokera pamenepo ine ndi njinga yanga tikwera minibasi, ndafunsa kale kondakitala wina pa depoti, akuti ndikachotsa mawilo onse awiri ailowetsa kumbuyo koma ndilipira mpando umodzi wowonjezera, ndipo tcheni ndikulunge m'jumbo chisadetse katundu wa anthu.